Timikanda ta Hiltrud

Hiltrud Wessling anakulira m'nyumba ya wophika buledi, choncho moto sankauopa. Atamaliza sukulu anapeza ntchito pa yunivesite ya mumzinda wa kwawo ku Germany, m'chipinda chapansi momwe munali ng'anjo yamagetsi. Ankatenga kachidutswa ka tebiyamu, chitsulo chosowa, n'kuphatikiza ndi kobalti ndi kaboni, kenako n'kusungunula ndi kamphezi kowala mothobwa m'maso. Pamapeto pake pankatsala kamkanda kotuwa, kakang'ono ngati nandolo.

Timikandati tinali ndi makhalidwe awo. Tina tikangomva chinyezi tinkafumbutuka n'kusanduka fumbi lonunkha adyo, ndiye ankatitsekera m'timachubu tagalasi. Tina tinkangokhala duu pafupi ndi maginito, koma akatiziziritsa kuposa chisanu chilichonse cha panja, tinkadzuka n'kuyamba kukoka.

Dokotala Oltmanns, bambo wamtali amene ankapima timikandato, ndiwo anamuuza chifukwa chake.

"M'katimo muli ngati tisingano tosaoneka, Mayi Wessling, tondandalikana m'mizere. Kukafunda, kalikonse kamaloza kwake. Kukazizira timagwirizana kolowera."

"Ngati ng'ombe mvula ikamawomba?"

"Bola ng'ombe, sizivuta kuziwerenga."

Kuyambira pamenepo Hiltrud ankayenda ndi tisinganoto m'mutu. Akamapalasa njinga m'mbali mwa ngalande, ankayang'ana mabango akuweramira kumodzi n'kuiwala pokhotera. Nthawi ya chipale chofewa ankaima pawindo, khofi n'kumazirala m'manja, akuganiza kuti mwina pansi pa minda yoyerayo chinachake chikutembenuka mwakachetechete.

Sanakwatiwe. Mkulu wake Mechthild sankamusiya nazo.

"Iwe, anzako akulera zidzukulu, iwe uli kalikiliki ndi timiyala."

"Tanga sitidwala chifuwa, achemwali."

Imvi zitachuluka, manja anayamba kunjenjemera. Tsiku lina kamkanda kanamupulumuka pa kapani n'kugudubuzikira kuseri kwa kabati. Anakapeza patapita masiku kali fumbi lokhalokha. Analisesa bwinobwino, n'kukwera kukauza a Oltmanns kuti nthawi yopuma pa ntchito yakwana. Iwo anavula magalasi n'kumawapukuta kwa kanthawi.

Chilimwe chimenecho anakakamiza Mechthild kuti amuperekeze ku Sweden, kumudzi wa Ytterby, kumene dzina la tebiyamu linachokera. Anakwera sitima, kenako basi, kenako kaphiri wapansi, Mechthild akudandaula mawondo njira yonse. Mgodi wakale umene munapezeka koyamba mwala wa tebiyamu anaupeza uli zii, mitengo itamera m'mphepete.

"Ndiye tavutikira dzenje ili?"

"Lomweli."

Anakhala pathanthwe lofunda n'kudya buledi ndi tchizi. Kumunsi, pakati pa zilumba, kabwato koyera kankayenda ngati sikakufuna kufika. Hiltrud anagoneka dzanja pathanthwepo, ndipo posakhalitsa tulo tinamuba, pakamwa pali pomwetulira pang'ono. Mechthild anaiona basi yobwerera ikufika kumsewu, anaionanso ikunyamuka. Anavula juzi yake n'kumufunditsa mng'ono wakeyo kumiyendo.