Bambo wa mawotchi amene anandimana madzi

Anzanga, ine kusukulu sindinapondeko. Izi ndikuyankhula, mwana wanga wamkazi akulemba, ndipo asachotse liwu ngakhale limodzi.

Tinakumana pabenchi ya kuchipatala. Bambo wokonza mawotchi, tayi pakhosi, imvi zopesa bwino.

"Mayi, nkhope imeneyi si ya pamzere wa odwala," anatero.

"Sunthani uko, ndili ndi zidzukulu ine!"

Koma ndinaseka. Ukalamba suteteza mtima, anzanga...

Matenda anga ndi a magazi. Magaziwo amapanga mapuloteni oipa amene amatseka impso ngati matope mupaipi. Bamboyo ankadziwa zonse. Ankandinyamulira botolo la madzi, n'kumanditchula "sweetie" pamaso pa manesi.

Msana utavuta, adokotala anati ndikajambulidwe sikani kuchipatala chakutali, ija amayamba akubaya mankhwala mumtsempha kuti zamkati zioneke.

"Mayi, mankhwalawo si oopsa ngati impso zili bwino. Koma kwa inu, mumwe madzi ambiri, musiye mapilitsi a ululu mumamwa aja, ndipo mukawauze ojambulawo za matenda anu kuti ayeze kaye impso."

Tsikulo bamboyo anabwera ndi kagalimoto kake, ali piringupiringu.

"Madziwo asiyeni, sweetie. Mukhala mukundiimitsa panjira, mundichedwetsa."

Msana ukandilasa, ankandipatsa mapilitsi omwe aja. Ine, amene sindimvera ngakhale ana anga, ndinameza!

Wojambula atafunsa za matenda ena, bamboyo analumphira m'Chingerezi. Ndinangomva "no, no". Kufunsa ndinachita manyazi, kuopa kuoneka mbuli. Anandibaya.

Kunyumba mkodzo unasiya kutuluka. Miyendo inatupa ngati mitondo. Ndinagonekedwa pa diripi, adokotala akupukusa mutu. Impso zinadzuka, koma osati zonse.

Bambo uja? Osaonekanso! Mlamu wanga ndiye anandiululira kuti kuyeza impso kukanatigoneka kumeneko, pomwe bamboyo masana omwewo ankakafunsira mbeta ina, mayi wa saluni.

Wa saluniyo wamupirikitsa mwezi watha. Dzana, dzuwa likuswa mtengo, ndinangoona munthu pageti, wapansi, tayi ili pambali, milomo ili gwaa.

"Sweetie, sorry. Satana anandinyenga. Kamadzi kokha, kukhosi kwauma..."

Ndinatulutsa mpando umodzi, wanga. Ndinatenga botolo lija ankandinyamulira, lozizira mpaka kuchita thukuta. Ndinamwa pang'onopang'ono, iye akumeza malovu. Otsala ndinathirira maluwa.

"Madziwo asiyeni, bambo. Mukhala mukuima panjira, muchedwa."

Mwana wangayu akuti ndikhululuke. Lemba zomwe ndikunena, iwe!

Anzanga, za thupi lanu muziyankha ndi pakamwa panu, ngakhale akusekeni. Ndipo bambo wa mawotchi, ndikudziwa mukuwerenga. Geti ndi lomwe lija, botolo ndadzazanso.