Chisanza cha Agogo m'Paipi

Senderani kuno, nanunso a pakhomopo lowani, ndikuuzeni za agogo anga aamuna, a Mukhuna, amene anali dobi, wochapa zovala, kunyumba ya manijala pa esiteti ya tiyi. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la sopo ndi la nsalu yofunda, ndipo ndimaona manja awo otuwa akumanga kaulusi pa chovala chilichonse, pakuti kulemba sankadziwa: wofiira wa abwana, wakuda wa adona.

M'nyumba yochapiramo munali makina oumitsa zovala, chigubu chozungulira chimene chinkapuma mpweya wotentha. Tsiku lina la chiperoni, phiri litabisika sabata yathunthu, ndinawapititsira chinangwa ndi kalongonda. Ndinapeza adona ataima ndi nsalu yapabedi yonyowa m'manja, alendo awo atatsala masiku atatu kuti afike.

"Mukhuna, ngati wawononga makinawa ndiwe, Loweruka upereke makiyi."

Makiyi anali a ntchito, komanso a nyumba yathu ya kumalaini a antchito, mmene tinkagona anthu asanu ndi awiri.

Adona atatuluka, agogo anayatsa makinawo n'kumvetsera ngati mmene amamvetsera mwana akutsokomola.

"Akuzungulira, ndiye kuti mota ili moyo," anatero. Anapisa dzanja m'kati. "Koma mpweya ndi wozizira. Chafa ndi chotenthetsa."

Anazula pulagi kukhoma, n'kuitanitsa a Jailosi, amagetsi a kufakitale. A Jailosi anayeza fyuzi, inali bwino. Atamasula chitsulo chakumbuyo tinaona waya wopiringizika ngati sipuling'i, ataduka pakati, pamalopo pakuda bii.

"Tingolumikiza popotokola, madala," anatero a Jailosi. "Adona adziwa chani?"

Agogo anati, "Mawa adukanso pomwepo, mwina n'kuyatsa nyumba. Koma wapsa chifukwa chiyani?"

Atatero anatuluka pamvulapo, n'kuzungulira kuseri kumene paipi yotulutsa mpweya inkatulukira, ndipo anabwera ndi chisanza chodzaza thonje la zovala. Anali atatseka nacho paipiyo okha, mwezi wapitawo, ataona njoka ikulowa mmenemo. Kwathu bowo lililonse la khoma timatseka, ndani sadziwa? Koma makina aja anasowa popumira, kutentha kunabwerera m'kati mpaka waya anapsa.

A Jailosi anaseka mpaka kukhala pansi. "Chiponyeni m'munda wa tiyimo, palibe waona."

"Mdzukulu wangayu waona," anatero agogo. Ananyamula chisanza chija mpaka kukhonde, ine ndikuwatsatira pambuyo.

"Adona, wawononga ndine. Ndinkaopa njoka. Koma nthenda ndaipeza, ndipo mukagula chotenthetsa china ndiika ndekha."

Adona anayang'ana chisanzacho nthawi yaitali. Njoka ankaziopa kuposa tonsefe. Anangoti, "Lachisanu zikhale zitauma."

Chatsopano chinabwera Lachinayi pa lole yochokera ku Limbe. Asanachotse chakale, agogo anamanga ulusi wofiira pa waya mmodzi ndi pamalo pake, wakuda pa winayo, monga ankachitira ndi malaya. A Jailosi anati, "Udobi wafika mpaka kumagetsi," koma sanakonze kanthu, anangoyeza n'kugwedeza mutu. Agogo anamanga zomangira zonse, anayeretsa paipi ndi nsungwi, ndipo kukamwa kwake anakhomako waya wa sefa, kuti mpweya uzituluka koma njoka isalowe. Atayatsa, tinadikira. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pa sefa paja. Panali pofunda.

Makiyi anakhala nawo zaka zina khumi, mpaka maso atayamba kuchita khungu, n'kukapumira kumudzi ku Limbuli, kumene anagona. Adona anabwerera kwawo kunja. A Jailosi anatsegula kashopu kokonza mawailesi pa Nkando, ndipo mpaka ukalamba wawo ankamanga timaulusi pa mawaya, n'kumauza anthu kuti nzeruzo anazitulukira okha. Ine ndine pano. N'chifukwa chake mmodzi wa inu akaswa mbale n'kubwera nayo yekha m'manja, sindimukalipira.