Zithunzi za Kwawo kwa Asisitere

Ndinagwira ntchito yochapa ndi kusita kunyumba ya masisitere cha ku Nguludi kwa zaka zambiri. Mwa onsewo mzungu anatsala mmodzi yekha, wa ku Canada, amene anabwera ali mtsikana n'kukalambira konkuno. Chinyanja ankayankhula ngati ife, koma Chilomwe anangodziwako malonje basi. Maso a asisiterewo atayamba kuchita khungu, akuluakulu awo anagamula zoti abwerere kwawo. Masabata omalizawo, ndikamaliza kuyanika zovala, ndinkapita kuchipinda kwawo kukawathandiza kulongedza.

Katundu analibe wambiri. Chimene chinatidyera nthawi ndi chitini cha mabisiketi chodzaza ndi zithunzi. Poti iwo sankaona bwino, ine ndinkatenga chimodzichimodzi n'kumafotokoza zimene ndikuona, iwo n'kumandiuza kuti ameneyo ndani, ndiponso ngati chithunzicho chipite kapena chitsale.

Chakale kwambiri chinali cha nyumba yamatabwa, hatchi itamangidwa pangolo, ndi ana atandanda kuyambira wamtali mpaka wakhanda. Ndinawerenga khumi ndi mmodzi. Ndinadabwa, chifukwa ndinkayesa azungu amabereka awiri n'kusiya. Asisitere anaseka n'kundiuza kuti ali mwana kwawo kunali ngati kwathu kuno. Madzi ankatunga pachitsime, nkhuni ankawaza okha, diresi linkayambira kwa wamkulu n'kukathera kwa chitsiriza. Bambo awo ankaweta ng'ombe za mkaka ndi kulima mbatata.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinthu zinasintha mwaliwiro. M'matauni munatseguka mafakitale ambiri ofuna antchito. Azichimwene awo awiri anapita, ndipo pobwera kudzacheza ankabwera atavala nsapato zatsopano. Bambo awo analimbalimba kwa zaka zingapo, koma pomaliza anagulitsa munda ndi ng'ombe zomwe, n'kukalowa ntchito pafakitale yopanga mapepala. Zithunzi za nthawi imeneyo zinali za nyumba yanjerwa yamagetsi ndi galimoto lalitali pakhomo. Pa china panali mayi awo atavala diresi la kutchalitchi, dzanja atatsamira pa makina ochapira zovala. Akuti anachita kuitana munthu kuti adzawajambule tsiku limene makinawo anafika. Ineyo, wochapa ndi manja, ndinawamvetsa mayiwo.

Azichemwali a asisiterewo anaphunzira, wina unamwino, wina ntchito ya mu ofesi, ndipo palibe amene anabereka ana opitirira atatu. Tchalitchi cha kumudzi kwawo, chimene kale anthu ankachita kuimirira panja posowa pokhala, chinayamba kuchepa anthu. Ulendo wina asisitere atapita kwawo kutchuthi anakachipeza chitatsekedwa. Zonsezi ankazinena mosadandaula, ngati akuwerenga nyuzi.

Masiku omwewo kunyumba kwanga kunali kusamvana. Mwana wanga wamkazi woyamba, atamaliza sekondale, anapeza malo pasitolo ina yogulitsa mafoni ku Limbe. Bambo ake anamwalira kalekale, ndiye mawu anali kwa achimwene anga, eni mbumba. Iwo ankakana. Ankati munda umene ndinalandira kwa mayi athu woulandira ndi iyeyo, ndipo mwana wamkazi akapita kutauni mudzi umatha. Mwanayo sankawayankha mwano, koma chikwama anali atalongedza kale.

Tsiku lina tikusankha zithunzi ndinawafotokozera asisitere nkhaniyi, kenako ndinafunsa ngati mayi awo anadandaulapo kuti anasiya munda.

"Mayi ayi, ngakhale tsiku limodzi," anatero. "Amene ankavutika ndi bambo. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankatikweza m'galimoto mpaka kumunda wakalewo, n'kuima pamsewu, osatsika. Akayang'anayang'ana ankatembenuza galimoto, uku akunena kuti mwini watsopanoyo sadziwa kukonza mpanda."

Nditawafunsa kuti ine nditani, anakana kundiweruzira. Anangoti ndisaiwale kuti kwawo nthawi imeneyo ntchito zinkachuluka kuposa anthu, pamene kuno anthu ndiwo achuluka kuposa ntchito. Mwanayo akhoza kukapeza bwino, akhozanso kubwerera chimanjamanja.

Loweruka lake ndinakwera kabaza kupita kwa achimwene anga, amene anakwatira cha ku Ndunde. Ndinawapeza kudimba akuthirira tomato. Ndinatenga keni ina n'kuyamba kuwathandiza, ndipo tili mkati mothirira ndinawakumbutsa kuti munda wathu unagawidwa kale pakati pa ine ndi ang'ono anga awiri, moti gawo langa chimanga chake sichifika Disembala. Ndinati ndili ndi mphamvu, ndiziulima ndekha, ndipo palibe amene akuugulitsa. Anapitiriza kuthirira mpaka tinamaliza mzere wonse.

"Apite, chemwali," anatero. "Koma nthawi yokolola ndizimuona kuno."

Mwanayo ananyamuka Lolemba pa minibasi ya m'mawa. Asisitere ananyamuka patapita sabata. Ndinapitiriza ntchito yanga kunyumbako, ndipo patatha zaka ziwiri tinamva kuti amwalira kunyumba yosungirako masisitere okalamba. Tinawachitira misa kuno, anthu anadzaza.

Sitolo ya mafoni ija inatsekedwa chaka chisanathe chiyambireni mwanayo ntchito. Mwana wanga sanabwerere. Anakhala miyezi ingapo kwa mnzake ku Bangwe akugulitsa kaunjika, kenako anatsegula kabenchi kotumizira ndalama pafoni, ndipo ndi komwe ali mpaka lero. Kukolola koyamba anabwera, anatonola nafe masiku atatu. Chaka chachiwiri anangotumiza ndalama ya aganyu, amalume ake n'kung'ung'udza pang'ono koma osapitiriza. Denga la udzu la nyumba yanga analichotsa ndi mwanayo, tsopano ndi lamalata.

Mwezi wathawu anandiimbira foni kuti mng'ono wake akangolemba mayeso a sekondale amutenga, akufuna womuthandiza pabenchipo. Ndinamuuza kuti adikire kaye zotsatira za mayesowo. Achimwene anga sindinawauzebe.