Pepala Limene Achipeso Sanasaine

Pamzere wa mashopu kuseri kwa msika aliyense ankamudziwa kuti Achipeso, chifukwa chipeso sichinkachoka m'mutu mwake. Akamadya chili pompo, akamakangana ndi mwini nyumba chili pompo. Saluni yake inali kachipinda kamodzi: mipando iwiri, galasi long'aluka pakona, ndi dilaya yolira ngati chigayo. Koma zala zake zinali zina. Akakuluka iye, ngakhale mlamu wako wansanje ankafunsa kuti wakuluka ndani.

Mzimayi akakhala pampando wa saluni, pakamwa pamamasuka. Achipeso ankadziwa kuti mwamuna wa uje wafooka kuchipinda, uje akumwa mapiritsi olerera mobisa, uje jakisoni wamusokoneza msambo. Zonsezi ankazisunga mumtima. Nkhani yake yokha ndiyo inali poyera: mwana mmodzi wamkazi, wazaka zisanu ndi zinayi, wobadwa pa opaleshoni, ndipo kuchokera pamenepo kuli zii.

"Asisi, mwanayu simum'patsa mnzake? Mukuopa kutha shepu?" makasitomala ankamuseka choncho. Iye ankaseka nawo, kwinaku akukoka tsitsi la wofunsayo mwamphamvu pang'ono.

Mwana wachiwiri ankamufunadi, osati chifukwa cha pakamwa pa anthu ayi. Iye mwini anabadwa yekha, ndipo ankakumbukira mmene anadwazikira bambo ake miyezi isanu popanda wosinthana naye. Sankafuna kuti mwana wake adzaone zomwezo.

Mwamuna wake anali wowotcherera mageti ndi mawindo, munthu wofatsa, wosamwa, wa mawu ochita kuwerenga. Akazi a pamzerepo ankati Achipeso anachita kutola mwayi. Mwezi uliwonse magazi akaoneka, iye ankalira m'bafa, ndipo mwamunayo ankam'tenthetsera madzi n'kunena kuti, "Nthawi sinakwane, mayi ake. Tidikire."

Anadikiradi. Kalendala ya kuseri kwa chitseko inadzaza ndi timizere ta pensulo ya nsidze. Masiku amene anawazunguliza kuti ndi otengera mimba ankatseka saluni msanga, msana ukupweteka, miyendo yotupa ndi kuima, koma ankadzikakamiza. Za kuchipinda zinasanduka ganyu, mpaka anaiwala kuti poyamba zinkakoma. Anamwa zowawa zonse zimene anzake ankam'bweretsera m'mabotolo. Akati tiyeni kuchipatala tonse, mwamunayo nthawi zonse anali ndi geti lofunika mawa. Achipeso anaganiza kuti mnzakeyo akuopa kupezeka kuti vuto ndi iye, ndiye anamumvera chisoni n'kumam'tchinjiriza. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti, "Vuto ndi langa ine." Taonani kupusa kwa chikondi!

Amene anam'kankha anali namwino wina, kasitomala wake wakale. "Mukungomwa mizu osadziwa chomwe mukuchiza. Bwererani komwe munachilira, akakufufuzireni fayilo."

Anapita yekha Lachiwiri m'mawa. Fayilo inapezeka patatha maola atatu, yachikasu, yonunkha fumbi. Dokotala wake anali mayi wamagalasi, ndipo anawerenga nthawi yaitali asanadzutse mutu.

"Mayi, mwati mukufuna mwana? Koma inu munatseketsa."

"Kutseketsa chiyani?"

"Kubereka. Tsiku la opaleshoni chiberekero chinang'ambika, munataya magazi ambiri. Anakusokani, n'kumanga njira zodutsa mazira, poti mimba ina ikanakuphani. Inu munali chikomokere, ndiye anasaina ndi amuna anu. Palembedwa kuti anafotokozeredwa zonse. Kodi sanakuuzeni?"

Anam'tembenuzira pepalalo. Achipeso anaziona zilembo zija, zopendekera kumanzere, zomwe mwamuna wake amalemba ndi choko pazitsulo. Sanalire. M'makutu munangoti ngwii, ndipo anathokoza dokotalayo mwaulemu ngati wam'patsa mphatso.

Mumsewu maganizo anali atatha kale. Akamuuza mawu ake mwamunayo, akatenga mwana kusukulu, n'kukakhala kwa amayi ake mpaka mtima utsike. Ndi kwa amayi akeko kumene ankakhuthula misozi zaka zonsezi.

Anakam'peza mwamuna wake atawerama pa geti, moto ukuthetheka. Mwamunayo atakweza chophimba kumaso n'kumuona ali ndi buku la kuchipatala m'manja, anazimitsa makina.

"Bambo ake, mwezi uliwonse munkati tidikire. Tinkadikira chiyani?"

Mwamunayo anavula magolovesi, n'kuwavalanso. "Adokotala anatuluka magazi ali m'zovala. Anati ndisankhe msanga. Ndikanatani ine? Ndikukwirireni?"

"Sindikufunsa za kusaina. Ndikanakhala ine, nanenso ndikanasaina. Ndikufunsa za zaka zisanu ndi zinayi."

"Ndinkati ndikuuzani mukachira. Mutachira munayamba kusoka timalaya ta wachiwiri, ndiye ndinasowa poyambira. Chaka chinatha, china chinatha..."

"Munkandiona ndikumwa zinthu zosanzitsa. Munkandimva ndikulira m'bafa. Ndinkabwera kwa inu thupi likukana, inu n'kumandilandira, mukudziwa kuti palibe chimene chituluke! Ine n'kumauza anthu kuti wolephera ndine, kukubisirani manyazi amene munalibe."

"Pepani, mayi ake."

"Pepani amabweza zaka?"

Anthu odutsa anayamba kuchepetsa liwiro. Achipeso, amene ankasunga zinsinsi za mzere wonse, sanasamale kuti akumva ndani. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'choti munthuyo sanali woipa. Akanakhala chidakwa kapena wachimasomaso, bwenzi kumuda kuli kosavuta.

"Ndikupita kwa amayi. Mwana ndikumutenga. Musanditsatire."

Apa mwamunayo anayang'ana pansi, ndipo Achipeso, amene anakhala naye zaka khumi ndi ziwiri, anadziwa kuti patsala china.

"Nenani."

"Amayi anu anali pomwepo pakhonde la opaleshoni. Posaina paja, iwo ndi amene anandigwirira pepala. Kenako anati, 'Apongozi, musadzamuuze. Mwana wanga ndimam'dziwa, sangapirire.'"

Achipeso anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza chitsulo chogona pansi, chotentha ndi dzuwa. Anakhala pomwepo, buku lija lili pamiyendo. Mwamunayo anaima potero, osayandikira.

"Ndiye mundiuze inu amene mumandisankhira zinthu," anatero Achipeso, mawu ali otsika. "Ndikalire kwa ndani?"