Andiveka Jekete ya Ukapitawo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuntchito ku Somerset West, kuno kudziko la eni, abwana atisonkhanitsa tonse osamalira maluwa, n'kulengeza kuti kuyambira mawa kapitawo ndine. Andiveka jekete yonyezimira pamaso pa gulu, koma palibe waomba m'manja.

Chikundikayikitsa n'choti sabata yomwe ino anzanga achiXhosa akukonza zonyanyala ntchito. Enawo ndi amene anandiphunzitsa kutchetcha kapinga ndi makina. Ndiye udindo ugwere ine mlendo lero?

Pobwerera ku Khayelitsha komwe timakhala, a Sipho, omwe timagawana nawo buledi masiku onse, angondipatsa moni wachiXhosa kuti "Molo, bosi," n'kuyang'ana kuwindo la takisi.

Abwanawo amagona mumpanda wamagetsi. Ine ndimagona m'kanyumba ka malata, khoma limodzi ndi anthu omwewa.

Achimwene a Yohane, inu mwakhalitsa kuno. Jeketeyi ndiivale mawa, kapena ndikaibweze ndikadali ndi mano onse?