Banzi Losagulitsa

Apongozi anga aamuna ndinakhala nawo pachibale zaka zambiri osaidziwa nkhope yawo. Ndinkadziwa chipewa chawo, ndodo yawo, ndi katsokomoledwe kawo akamayandikira nyumba, kondiuza kuti ndithawe. Kwawo kwa amuna anga ku Misuku mwambo ndi umenewo: mkazi wa mwana sayang'anana ndi apongozi aamuna, salankhula nawo, salowa m'chipinda chimene iwo akhala. Mukakumana panjira, umafunda chitenje kumutu n'kupatukira m'munda wa khofi. Ine wa ku Ntcheu, kumene wothawathawa amakhala mkamwini, poyamba ndinkaseka. Minga itandikanda miyendo kangapo ndinasiya kuseka, ndinangozolowera.

Tinkakhala pa boma pa Chitipa. Amuna anga anali mphunzitsi, ine ndinkaoda zitenje ku Tanzania n'kumagulitsa mumsika. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, aliyense akutsegula kageni kake. Kuseri kwa depoti kunatsegulidwa tiyirumu ya mayi wina wa ku Filipinzi, amene anakwatiwa ndi mwamuna wa konkuno wopita kwawoko kukaphunzira za mpunga. Mayiyo anabwera ndi nzeru yachilendo. Ukamwa tiyi ankakupatsa kakhadi kokhala ndi timizere khumi tozungulira, n'kuboola kamodzi ndi kachitsulo kake. Bowo linali limodzi pa tsiku, ngakhale umwe ketulo yonse. Khadi likadzaza, Loweruka unkalandira banzi la kwawo, lofewa, lopota ngati nkhata, pamwamba batala, shuga ndi tchizi. Iye ankalitchula ensayimada, ife tinkangoti nkhata. Banzi limenelo sankagulitsa.

Amuna anga analidyapo kamodzi, ndipo nkhani yake inatikwana m'nyumba. Khadi lachiwiri ankalisunga m'thumba la malaya pamodzi ndi choko. Ine ndinkawanyoza kuti munthu wandevu, wa ana, kumayenda ndi kapepala ka banzi ngati chiphaso cha kumalire. Ankangoseka n'kuti, "Tsiku lina ndidzakulawitsani, mudzasiya mwano."

Kenako anayamba kutsokomola. Mvula isanafike pakati anali atagonekedwa m'wodi ya chifuwa chachikulu, jakisoni m'mawa uliwonse, mapiritsi odzaza dzanja. Mankhwalawo amafuna chakudya, ndipo iwo chakudya anachikana. Phala ankalibweza. Mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zimene ankazikonda kuyambira ali mwana, ankangozinunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Mkono wawo unafika poti zala zanga zinkakumana ndikaugwira. Adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza mosabisa kuti akapanda kuyamba kudya, mankhwala okhawo sawapulumutsa. Ndinachita mantha.

Apongozi anatsika kuphiri ndi mwana wawo wamkazi, mlamu wanga. Iwo akalowa m'wodi ine ndinkatulukira khomo lina. Mawu awo anandipeza kudzera mwa mlamu, ndili pampopi kutsuka mbale.

"Adada akuti lole ya ku Misuku inyamuka Loweruka masana. Akuti ngati achimwene sadya mpaka tsiku limenelo, tiwatenga."

"Muwatengera kuti? Kuphiri kuli jakisoni?"

Mlamu anayang'ana pansi. "Akuti akakhale kwawo."

Ndinamva bwino tanthauzo lake. Akafere kwawo. Ndinafuna kuthamangira m'wodimo ndi kuwafunsa akuluwo ngati mwana anamuberekera kuti azimuyeza ndi ulendo wa lole. Koma munthu ukangana bwanji ndi munthu amene sungamuyang'ane? Mkwiyo wonse ndinautulira pa mbale, imodzi inaphwanyika.

Tsiku limenelo linali Lachitatu. Apongozi atatuluka ndinakagwada pambali pa bedi. Ndinawafunsa amuna anga chimene mtima wawo ukufuna, chilichonse, ngakhale cha ku Mbeya. Anati, "Kapena nkhata ija. Khadi langa latsala pang'ono kudzaza. Lili m'malaya."

Malayawo anali pamsomali kumutu kwa bedi. M'thumba ndinapezamo choko chothyoka basi. Ndinathamangira kunyumba, ndinakhuthula sutikesi, mabuku a sukulu, ngakhale Baibulo ndinalikutumula. Khadi kunalibe.

Ndinapita kutiyirumu. Mkati munadzaza anthu a m'maofesi, makalaliki, wapolisi wina, aphunzitsi awiri anzawo a amuna anga. Ndinamukokera pambali mayi uja n'kumunong'oneza kuti andigulitse nkhata imodzi Loweruka, mtengo anene yekha. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chitumbuka cha mwamuna wake.

"Pepani mama, iyi osagulitsa. Tchizi pachoko, msewu waonongeka na vula. Ine kupanga za makhadi basi." Anandiyang'ana m'maso. "Muli na suzgo?"

Ndinayang'ana anthu aja. Masiku amenewo mphunzitsi wowonda wogona m'wodi ya chifuwa anthu ankamuwerengera matenda amodzi okha, ndipo mkazi wake ankayamba kumuyeza ndi maso. Ena mumsika anali atasiya kale kugwira zitenje zanga. Kudziwa ankadziwa, pa boma paja palibe chobisika, koma kumva mphekesera n'kwina, kumva pakamwa pa mkazi wake n'kwinanso. Ndinati ayi, palibe vuto. Ndinamwa tiyi wosamufuna, anandipatsa khadi latsopano la bowo limodzi. Loweruka likanafika lisanadzaze ngakhale theka.

Masiku awiri otsatirawo ndinasanduka wamisala. Ndinayenda m'benchi zonse za mumsika kufunsa amene ali ndi khadi lotsala pang'ono. Amayi a mpunga anandifunsa ngati ndili ndi pakati. Wogulitsa nsapato wina anali nalo lodzaza bwino, koma anati analonjeza kale chibwenzi chake, ndipo ndinamutukwana mpaka anthu anaunjikana. Ndinatenga msomali kuti ndiboole ndekha khadi langa. Kachitsulo ka mayi uja kankaboola bowo la nyenyezi, msomali unangong'amba pepala. Ndinagula fulawa, yisiti ndi majarini, ndinapota ngati nkhata, ndinaphika mumphika moto pansi moto pamwamba. Chinatuluka chinthu choti ungagendere galu. Ndinapita nachobe kuchipatala. Amuna anga anachiyang'ana, anayesa kumwetulira, n'kuti, "Mwayesetsa, amake mwana." Sanachikhudze.

Loweruka m'mawa ndinapeza mlamu akupinda mabulangete. Podutsa padepoti ndinaona lole ya ku Misuku akuikweza matumba a feteleza. Mumtima ndinati lero ndikagwada pamaso pa mayi uja, makalaliki aseke mpaka mano agwe.

Fungo la batala linandilandira ndisanafike pakhomo. Nditati ndiponde pakhonde, ndinaona ndodo ya apongozi itatsamira pachitseko, chipewa chili pamwamba pake. Miyendo inaima yokha. Ndinafunda chitenje kumutu ndi kubwerera kuseri kwa khoma, pafupi ndi zenera. Mkati ndinamva supuni ikuzungulira m'kapu.

Mtima unandiwawa kuposa tsiku lina lililonse. Mwana wawo akutha pabedi, andiikira malire a lole, iwo n'kukhala pansi kumatakasa shuga. Munthu amene kwawo ankanena kuti tiyi ndi madzi otsukira mbale, chakumwa cha mwamuna ndi khofi wa m'munda mwake. Ndipo pokhala mmenemo ananditsekera khomo lokhalo limene ndinatsala nalo.

Ndinagogoda pazenera. Mayi wa ku Filipinzi anatuluka manja ali fulawa yekhayekha, naima pakhomo, pakati pa ine ndi iwo. Mwambo umaletsa kulankhula nawo apongozi, koma suletsa kulankhula ndi munthu wina mokweza.

"Mayi," ndinatero mokweza, "muwauze amene akhala mkatimo kuti amwe msanga atuluke, ndikufuna kulowa. Muwauze kuti mwana wawo, mwamuna wanga, ali m'wodi ya chifuwa, watha, sakudya, ndipo chinthu chimodzi chimene wapempha ndi nkhata yanu. Muwauze kuti ine ndazungulira boma lonse ngati galu kufuna khadi, iwo akumwa tiyi. Muwauzenso kuti kuphiri kulibe jakisoni."

Aliyense anamva, makalaliki, aphunzitsi, wapolisi. Zimene ndinabisa mwezi wathunthu ndinazikhuthula pakhonde la tiyirumu, ndipo sindinasamale. Mayi uja anagwira pakamwa.

"Mama, bwanji osanena Lachitatu?"

Mkati munamveka kutsokomola kuja, kenako mawu a apongozi, Chichewa cholemera cha munthu wolankhula Chindali moyo wake wonse. Kanali koyamba kumva mawu awo akulunjika kwa ine, ngakhale ankadutsira mwa munthu wina.

"Muwauze amene aima panjapo kuti khadi lili kuno. Mwana anandiuza inenso za banzi. Ndinalitenga m'malaya, pakuti ndinaona kuti iwo ali ndi ntchito yambiri. Madzi a shugawa ndayamba kumwa Lachitatu. Lero bowo lomaliza."

Ndinakhala pansi pomwepo, pamatope. Khadi limene ndinagwetsera nyumba yonse linali m'thumba la jekete la munthu amene ndinkamuthawa m'makonde a chipatala. Akanatha kumuuza mlamu. Inenso ndikanatha kufunsa kudzera mwa mlamu yemweyo. Tonse awiri tinangoti khuma, aliyense ndi manyazi ake.

"Muwauzenso," anapitiriza, "kuti ine sindikufuna mwana afe. Mkulu wake anafera ku migodi, anamuika anthu achilendo, amake mpaka lero sadziwa pamene pali manda. Mvula ikakula msewu wa kuphiri utsekeka. Uyu akafera kuno sindingathe kumukweza. Akadya, lole ipite yokha. Akapanda kudya, andikhululukire."

Mayi uja sanabwereze mawu a wina aliyense, tonse tinali titamva. Analowa, ndinamva kachitsulo kakuti tswa, ndipo anatuluka ndi nkhata ziwiri zotentha m'kambale kovundikira ndi nsalu. Anati ina ndi ya khadi, ina ndi yake. Pothokoza, apongozi anati ndagha, ine ndinati yewo, aliyense akuuza mayi yemweyo.

Tinapita kuchipatala iwo patsogolo, ine kumbuyo kutali, chitenje kumutu, kambale m'manja. Ndinkangoona zidendene zawo ndi nsonga ya ndodo. Pakhomo la wodi anaima. Tonse tinkafuna kulowa, ndipo chipindacho sichikanatilandira tonse. Anauza mlamu kuti alowe amene amadziwa pakamwa pa wodwalayo. Iwo anazungulira kuseri nakaima pansi pa zenera la pabedi, msana atatsamiza kukhoma.

Amuna anga anamva fungo ndisanavundukule nsalu. Anatsegula maso. Ndinawatsamiritsa pachifuwa panga, analibe kulemera kulikonse. Ndinanyema kachidutswa kochepa ngati chala, ka pamwamba pamene pali shuga, ndi kuwaika pamlomo. Mlamu anaima pazenera kuti azinena zimene zikuchitika.

"Aluma," anatero chapansipansi.

Anatafuna nthawi yaitali, yaitali kwambiri. Ndinali nditakonzeka kale ndi beseni pamwendo, pakuti phala lonse linkathera mmenemo. Ndinkayang'ana pakhosi pawo. Mumtima ndinkangoti Ambuye, kachidutswa kamodzi kokha, sindikupempha zambiri. Kholingo linakwera, linatsika.

"Ameza."

Tinadikira. Wodwala wa bedi loyandikana analeka kubuula n'kumayang'ana. Kudepoti lole inaliza hutala koyamba, kuitana okwera. Amuna anga anapuma mwamphamvu, anatseka maso, ndipo ndinati basi, zikubwerera. Ndinasendeza beseni. Iwo analikankha ndi chala, n'kutsegula pakamwa ngati kamwana.

Anadya theka la nkhata imodzi. Kenako anakankhira dzanja langa kwa ine n'kunong'ona, "Lawani. Ndinakulonjezani." Ndinaluma, koma mpaka lero sindingakuuzeni kukoma kwake, m'kamwa munali mchere wa misozi wokhawokha.

Lole inalizanso hutala, nthawi ino motalika, kenako tinaimva ikukwera msewu. Mlamu anayamba kufunyulula mabulangete amene anapinda m'mawa. Amuna anga anamaliza jakisoni yense, ndipo anabwereranso m'kalasi kwa zaka zingapo, koma zimenezo pa Loweruka lija palibe amene ankazidziwa. Chimene tinkadziwa n'chakuti theka la banzi lakhala m'mimba, ndipo lole yapita.

Pansi pa zenera panamveka kutsokomola kuja. Thupi langa linachita zimene linazolowera: ndinawagoneka amuna anga msanga, ndinakoka chitenje kumutu, ndinanyamuka kuti ndithawire khomo lina. Mlamu anandigwira mkono, atasuzumira panja.

"Khalani pansi, alamu. Sakubwera kuno. Akulira."