Chimfine Chinabwera Pandege ndi Apongozi Anga

Ine za ndege musandiuze. Sindinaikwerepo, koma inandipeza pakhomo panga pomwe, ku Katete.

Titangotha zaka zochepa tili pa ufulu, apongozi anga aamuna, telala wa pakhonde la sitolo, anapita ku Makka kukapemphera. Akuluakulu a kumzikiti ankati kale ulendowo unali wa pasitima ya pamadzi, miyezi yathunthu, moti ukatola matenda kumeneko ankakuthera m'njira. Koma apongozi anabwerera pandege. Lachiwiri anali pakati pa khamu la anthu a mitundu yonse, Lachinayi ali ku Lusaka, Lachisanu basi ikuwatsitsa pamsewu waukulu. Chimfine chomwe anachitola kumeneko chinafika chikadali chamoto.

Ine ndinaona. Powathirira madzi osamba m'manja, ndinaona zala zikunjenjemera, maso ali psuu, akutsokomolera m'kampango. Koma anthu, ayi ndithu, chimwemwe chokhachokha. Anadzaza bwalo, kuwagwira chanza, kumwa madzi opatulika omwe anabwera nawo m'botolo, kakapu kamodzi kakuyenda pakamwa ndi pakamwa.

Kumsana ndinali nditabereka mwana wanga woyamba, wamkazi, wa miyezi itatu, wobadwa masiku asanakwane.

"Bweretsani mdzukulu wangayo, naye alaweko," anatero apongozi.

Kwathu mtengwa satsutsa apongozi aamuna, ngakhale kuwayang'ana kumaso sayerekeza. Ndinayang'ana amuna anga. Iwo ali mwee, kumwetulira basi. Mtima ukukana, ndinamasula chitenje, ndinagwada n'kumupereka. Anamudonthezera madziwo ndi chala, n'kumupempherera nkhope zitayandikana.

Sabata isanathe, komboni yonse inali itagona. Amuna anga chigonere, apongozi chigonere, ine mutu ukuwaza, koma kuchitsime apite ndani? Ndinatopa, abale inu, kutopa kosatha ndi tulo. Kenako mwana anasiya kuyamwa. Kuchipatala tinapeza odwala atagona mpaka m'makonde, ndipo namwino, nayenso akutsokomola, anati chimfinechi chazungulira maiko onse. Tsiku lachitatu mwanayo anatisiya.

Apongozi anachira. Patapita mwezi, ndikusenda chinangwa kuseri kwa khitchini, ndinaona akubwera, munthu amene anali asanapondeko kumeneko. Anakhala padothi, atawonda ngati si iwo.

"Mayi," anatero, "tsiku lija munaona kuti ndikudwala?"

"Ndinaona."

"Nanga bwanji simunandikanize mwanayo?"

Ndinangopitiriza kusenda chinangwa chija. Zaka zapita, tsitsi layera mbuu, yankho ndilibebe.